Mtsetse wa Fields Hill ndi mwambo wotsika ndi giya

Wochokera ku Pietermaritzburg kupita ku Durban amatsika kwambiri, pakuti Durban ili m'mphepete mwa nyanja. Pa msewu wa M13, kuchoka ku Kloof kulowa mu Pinetown, pali mtsetse wa makilomita pafupifupi 3 wotchedwa Fields Hill. Othamanga mpikisano wa Comrades, womwe unayamba mu 1921, amauwerengera pa mapiri asanu owathyola miyendo. Ife amakaniko a ku Pinetown timaudziwa ndi mphuno: galimoto imene yatsika pamenepo phazi lili pa buleki imafika pa galaja ikununkha chopserera, mateyala akutsogolo osakhudzika ndi kutentha.

Vutoli ndi lakale kuposa galimoto. Nthawi ya ngolo za ng'ombe, oyendetsa akafika pa mtsetse ankamanga gudumu lakumbuyo ndi tcheni kuti lizikhwekhwereza pansi, ngolo isagwere ng'ombe. Galimoto zitabwera, mabuleki ake anali a dilamu, omwe akatentha ankaleka kugwira. Mpamene madalaivala anayamba kuphunzitsana kuti giya imene wakwerera phiri ndi yomwe utsikire. Ukachotsa phazi pa mafuta uli mu giya yotsika, injini imakoka galimoto mmbuyo, mabuleki n'kupumako.

Galimoto zosintha zokha magiya zitayamba kugulitsidwa ku America, ndi Oldsmobile ya 1940, opanga sanautaye mwambowu. N'chifukwa chake pansi pa D mumaona 2 kapena L. Zizindikirozo sanaziikepo pokongoletsa, ndi za pa mtsetse. Koma ambirife tinayamba kugwira otomatiki pamene galimoto zakale za ku Japan zinayamba kutsikira pa doko la Durban paulendo wopita ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Tinaphunzira P, R ndi D basi, zinazo n'kumaziopa. Ndawaonapo abale otenga galimoto kudoko ataika ndodo pa D kuchoka ku Durban mpaka ku Mwanza.

Pinetown inaona kuopsa kwa mtsetsewu pa 5 September 2013. Madzulo a tsikulo thiraki yaikulu inalephera kuima potsika Fields Hill, ndipo pa maloboti a kumunsi inaomba maminibasi ndi galimoto yaing'ono. Anthu 24 anamwalira, ambiri akuweruka kuntchito. Pa msewu wa N3 palinso malo amene mathiraki amakakamizidwa kuima asanayambe kutsetsereka, komanso tinjira ta miyala tothawirako mabuleki akakana.

Lero funso limabwera ndi anyamata a galimoto zaliwiro, zija zili ndi timabatani tosinthira giya kuseri kwa chiwongolero. Wina wa kwathu anabwera ndi yake yofiira n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ndikamatsitsa giya pochepetsa liwiro, sindikupha giyabokosi?" Ndinadontheza mafuta a giyabokosi yake pa pepala loyera. Anali ofiira bwino. Akanakhala oderako ndi onunkha chopserera, tikanadziwa kuti timakilatchi tam'kati tayamba kudyeka.

Yankho lake n'lakuti makina a masiku ano amadziteteza. Chiyambire pamene Porsche inatulutsa Tiptronic cha mu 1990, yolola dalaivala wa otomatiki kusankha giya yekha, kompyuta ndi imene imavomereza kusinthako. Mukapempha giya yotsika kwambiri galimoto ikuthamanga, imakana kuti injini isapitirire malire. Zambiri zimadzipatsanso mafuta pang'ono posintha kuti pasakhale kugwedeza. Choncho kutsika Fields Hill mu giya yachitatu si kuzunza galimoto, ndipo mabuku a opanga galimoto amalangiza zomwezo.

Kosathandiza n'kusandutsa giyabokosi kukhala buleki pa loboti iliyonse ya mu Umgeni Road pofuna kuti anthu amve kulira kwa injini. Kusintha kulikonse kumadyako timakilatchi tija ndi kutenthetsa mafuta, makamaka m'galimoto zakale. Mabuleki padi timasintha mwini wake atakhala pa benchi akumwa tiyi, pamene giyabokosi imagoneka galimoto masiku ambiri ndipo imadya malipiro a miyezi.

Abale anga oyendetsa galimoto kuno, pa mtsetse wautali tsitsani giya musanayambe kuthamanga, sinthani mafuta a giyabokosi pa nthawi yake, ndipo pa loboti pondani buleki.