Tipoti ya Dongo ndi Amisiri Ace

Madzulo ano, pamene amai a ku Kabwata ndi ku Chelstone alikuteleka ketulo pa mbaula, tiyeni tikambe za ciwiya cimene ticigwira tsiku ndi tsiku osacilingalira, ndico tipoti. Ambiri amene tiwaona m'masitolo a mu Cairo Road ngoturuka m'makina, onse ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Koma ku England kunali amisiri ena amene anakana makinawo, nabwerera ku dongo ndi manja.

Mtsogoleri wao anali Bernard Leach, wobadwira ku Hong Kong m'caka ca 1887, amene anaphunzira kuumba ku Japan. M'caka ca 1920 iye ndi bwenzi lace Shoji Hamada anamanga ng'anjo ku St Ives, ndipo buku lace la 1940, A Potter's Book, linakopa acinyamata ambiri. Matipoti a kumeneko anali onenepa, a maonekedwe a dothi, ndipo ambiri anali ndi cogwirira ca nsungwi copindika pamwamba monga acitira a ku Japan. Mai wina, Lucie Rie, wothawa ku Vienna m'caka ca 1938, anaumba ace ku London opyapyala ndi osalala. Ngokongola ndithu, koma ine mtima wanga uli pa onenepawo.

Cifukwa ninji amisiri ati tipoti ndiyo iyesa munthu? Mbale iumbidwa kamodzi, yatha. Tipoti iri ndi thupi, cibvundikiro, mlomo ndi cogwirira, ciri conse ciumbidwa pa cokha, ndipo ziyenera kulumikizidwa dongo lisanaume, pakuti likauma lifota. Mlomo ukakhala pansi, tiyi atayika musanadzaze tipoti; ukakhala wobuntha, adontha pa nsaru ya pa tebulo pamaso pa alendo. Cibvundikiro cifuna kabowo kolowera mpweya, ndipo cisagwere m'kapu pothira. Cinanso codabwitsa nci: mlomo woumbidwa pa gudumu lozungulira upotoka pang'ono m'moto wa ng'anjo, cotero mmisiri wocenjera audula mopendeka dala, kuti moto ukauongole. Zimenezi munthu sazidziwa asanataye matipoti ambiri kudzala.

Tsono nkhaniyi inafika bwanji kuno ku Afirika? Wophunzira woyamba wa Leach, Michael Cardew, anapita ku Gold Coast m'caka ca 1942, ndipo m'caka ca 1951 anakhazikika ku Abuja wakale m'dziko la Nigeria, mudzi umene lero uchedwa Suleja, nayambitsa sukulu ya zoumba. Anadza kudzaphunzitsa, koma ataona mitsuko ya akazi a mtundu wa Gwari anazizwa, ndipo maonekedwe a mitsukoyo analowa m'ziwiya zace zomwe.

Mmodzi wa akaziwo, Ladi Kwali, analowa sukuluyo m'caka ca 1954. Iye anaphunzira kuumba ali mwana, ndi manja okha opanda gudumu, monga aumbira nkhali azigogo athu a ku Chipata ndi ku Katete. Kusiyana kwace kuli pa moto. Mbiya yoochedwa pabwalo ndi nkhuni imwa madzi, ndiye cifukwa cace iziziritsa bwino madzi akumwa, koma siyenera tiyi. Ng'anjo ya Cardew inali kutentha kopitirira madigiri 1,200, kufikira dongo lilimba ngati mwala. Ladi Kwali anaphunzira gudumu ndi ng'anjoyo, koma sanaleke kulemba abuluzi, nsomba ndi zinkhanira pa ziwiya zace monga anacitira kwao. Zoumba zace zinaonetsedwa ku London, ndipo atamwalira m'caka ca 1984, boma la Nigeria linadzaika nkhope yace pa ndarama ya pepala ya 20 naira.