Mmene Mayina a Chijeremani Anafookera Kumathero

M'Chijeremani chakale, cholembedwa pakati pa zaka za 750 ndi 1050, dzina linkadziwika ntchito yake ndi mathero ake. Mawu otanthauza tsiku ankaoneka ngati tag, tages, tage, ndipo pochulukitsa ankakhala taga, tago, tagum. Wowerenga akangoona mathero ankatha kusiyanitsa mwini chinthu ndi wolandira. Panalinso tagu, wosonyeza chogwiritsira ntchito, koma ameneyu anafa msanga.

Katchulidwe ndi kamene kanagumula dongosolo limeneli. Ajeremani amatsindika tsinde la mawu, kotero malembo a liwu a kumathero, a, i, o ndi u, anafooka onse n'kukhala e. Pofika cha m'ma 1200, nthawi ya ndakatulo ya Nibelungenlied, taga ndi tago anali atasanduka tage. Mathero atasiya kusiyanitsa, ntchito yaikulu inagwera timawu totsogolera dzina: der, des, dem, den. Wophunzira wa kusekondale amene amaloweza dzina popanda kamawu kake akudzimana mbali imene ikunena ntchito ya dzinalo m'chiganizo, ndipo ine ndimamva chisoni mphunzitsi akalekerera zimenezi.

Zakale zina zinasiya zipsera. Kale gast, mlendo, pochulukitsa ankakhala gesti: i wa kumathero anakoka a kuti afanane naye, kenako iye mwini n'kufooka. Lero tili ndi Gast ndi Gäste, ndipo timadontho tiwiriti tinafalikira ku mayina ena amene analibe i n'komwe. Nayenso e wa dem Manne watsala pang'ono kutha, akupezeka m'mawu okhazikika ngati zu Hause. Polankhula, ambiri amati wegen dem Wetter pamene mayeso amafuna wegen des Wetters.

Chilembo chachikulu pa dzina lililonse n'chobwera mochedwa. M'nthawi ya Martin Luther, amene Baibulo lake lathunthu linatuluka mu 1534, osindikiza ankachiika makamaka pa dzina la Mulungu, la munthu ndi la malo. Chizolowezichi chinakula pang'onopang'ono, ndipo Johann Christoph Gottsched anachilimbikitsa ngati lamulo m'buku lake la malamulo a chiyankhulo la 1748. Jacob Grimm sanachikonde: mtanthauziramawu amene iye ndi m'bale wake Wilhelm anayamba kutulutsa mu 1852 amalemba mayina wamba ndi zilembo zazing'ono. Koma mtanthauziramawu wa Konrad Duden wa 1880 ndi msonkhano wa kalembedwe wa ku Berlin mu 1901 zinasunga chilembo chachikulu.

Dziko la Denmark linasiya mwambowu mu 1948. Ajeremani anakangana kwa zaka zambiri, koma posintha kalembedwe mu 1996 sanachotse chilembo chachikulucho, anangochionjezera: heute abend inakhala heute Abend, ndipo radfahren inakhala Rad fahren.