Mbiri ya Timu ya Bullets

Pa Mponela, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lilongwe kunka ku Kasungu, tsiku Loweruka masana anthu amaunjikana pa khonde la sitolo pamene pali wailesi. Ena atsika ku mapiri a Dowa, ena acokera ca ku Nchisi. Ambiri a iwo sanapondepo m'Blantyre, koma cigoli cikalowa pa bwalo la Kamuzu amalumpha monga ngati wamwetsa ndi mphwao. Timu imene ambiri amaikonda cotere ndiyo Bullets, yobvala zofiira ndi zoyera, imene eni ace amaicha Maule. Timuyi yasintha maina kambirimbiri, yaona cuma ndi umphawi womwe, ndipo mbiri yace iri ndi phunziro kwa onse osewera mpira.

Ciyambi Cace

Bullets inabadwa mu 1967 mu mzinda wa Blantyre. Anaiyambitsa ndi anyamata amene anapatuka ku timu ya Wanderers, imene inayamba mu 1962. Cotero matimu awiriwa ali ngati ana a bere limodzi, ndipo nkhondo ya pacibale imawawa koposa. Kufikira lero, Maule akakomana ndi Manoma, ndiwo a Wanderers, ngakhale anthu a nyumba imodzi amagawikana.

Mpira umafuna ndarama. Pafunika nsapato, malaya, galimoto la pa ulendo ndi cakudya ca osewera. Patapita kanthawi kampani ya nsapato ya Bata inayamba kuthandiza timuyo, ndipo inachedwa Bata Bullets. M'masiku amenewo munachuka mnyamata wina dzina lace Kinnah Phiri, katswiri pa kumwetsa zigoli. Iyeyu anamwetsera timu ya dziko lino zigoli 71, ndipo anali mmodzi wa iwo amene anatengera Malawi cikho ca maiko a kum'mawa ndi pakati pa Afirika mu 1978 ndi 1979.

Mu 1986 munakhazikitsidwa mpikisano waukulu wa dziko lonse wochedwa Super League. M'mpikisano umenewu matimu amakomana onse caka cathunthu, ndipo wopambana ndiye amene wasonkhanitsa mapointi ambiri. Oyamba kuutenga anali a Bullets. Anautenganso mu 1991 ndi 1992.

Zaka za Ulemerero

Kutenga ligi kamodzi nkobvuta, koma kuitenga caka ndi caka nkobvuta koposa, pakuti matimu onse amasongokera pa iye amene ali pamwamba. Ku Canada, dziko lozizira kumene amasewera hoki pa madzi oundana, timu ya Montreal Canadiens imakumbukikabe cifukwa inatenga cikho cao cacikulu kasanu motsatizana, kuyambira 1956 kufikira 1960. Koma Bullets inatenga ligi ya kuno kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 1999 kufikira 2005. Mwana amene analowa sukulu poyamba pa zaka zimenezo anafika pafupi kutsiriza pulaimale asanaone timu yina pa mpando.

M'kati mwa zaka zomwezi dzina linasinthanso. Bata italeka, kampani ya mafuta a galimoto ya Total inatenga malo ace, ndipo timu inachedwa Total Big Bullets. Mu 2003 a Bakili Muluzi, amene anali Pulezidenti wa dziko, anayamba kuithandiza, ndipo inakhala Bakili Bullets. Ndarama zinalipo, osewera abwino anabwera, ndipo Kinnah Phiri, amene kale anali wosewera, tsopano anali mphunzitsi wao.

Caka ca 1994 Amalawi amacikumbukira pa zandale, koma okonda mpira amakumbukira 2004. M'caka cimeneco Bullets inalowa mpikisano wa matimu opambana a mu Afirika monse. Inagonjetsa Orlando Pirates ya ku Johannesburg, timu imene amuna opita ku migodi anali kuisimba pobwera kwao, ndipo inatsala m'gulu la matimu 8 otsiriza. Kumeneko inakomana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Etoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Cote d'Ivoire. Sinapitirire pamenepo, ndipo cikho cinapita kwa Enyimba. Komabe Afirika yense anadziwa kuti ku Malawi kuli mpira.

Zaka za Njala

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Cuma ca timu cinali pacala, pakuti cinacokera m'thumba la munthu mmodzi. A Muluzi anatsika pa mpando mu 2004, ndipo pasanapite nthawi yaitali thandizo lija linatha. Osewera ena odziwa anapita kunja kukafuna malipiro abwino. Kuyambira 2006 kufikira 2013 Bullets sinatenge ligi ngakhale kamodzi. Kawirikawiri inali kupita ku Lilongwe kwa Silver Strikers, timu yotsamira pa Reserve Bank.

Matimu ambiri a makampani amafa tsiku limene kampani yatseka thumba lace. Bullets sinafe. Anaicirikiza ndi anthu wamba: ogulitsa pa msika, oyendetsa minibasi, alimi ndi aphunzitsi, amene analipira pa cipata ca bwalo ngakhale timu iri kugonja. Ici ndico cifukwa cace imachedwa timu ya anthu. Mu 2014 ndi 2015 inatenganso ligi.

Kudzukanso Kwace

Mu 2016 kampani yopanga ndudu ya Nyasa Manufacturing inayamba kuthandiza timuyi, ndipo inachedwa Nyasa Big Bullets. Pambuyo pace timu inayamba kuyendetsedwa monga kampani, osewera nalandira malipiro pa mwezi monga anchito ena onse. Ca kumapeto kwa 2018 kunabwera mphunzitsi wocokera ku Zimbabwe, Kalisto Pasuwa. Ligi inakhala m'manja mwa Bullets kasanu motsatizana, kuyambira 2018 kufikira 2023. Mu 2023 anatenga zikho zonse zinai zazikulu za m'dziko muno m'caka cimodzi. Mu 2024 Silver Strikers inawalanda ligi, pakuti pa mpira palibe mpando wacikhalire.

Phunziro Lace

Bata, Total, Bakili, Nyasa: maina onsewa ndi a othandiza, ndipo atatu oyambawo anapita. Liu lotsala pa dzina nthawi zonse ndi lakuti Bullets. Midzi yambiri ya ku Dowa ndi Nchisi iri ndi timu yace, ndipo kawirikawiri mwini golosale mmodzi ndiye amagula mpira ndi malaya. Munthu wotere ayenera kuyamikidwa. Koma mutu umodzi susenza denga. Timu ya pa mudzi ikhale ndi komiti, buku lolembamo ndarama, ndi thumba limene ali yense amaponyamo kangacepe pa nyengo yogulitsa fodya ndi mtedza. Tsono tsiku limene mwini golosale adzasamuka, anyamata adzapezabe mpira pa bwalo.