Njira ya ku Koleji Kucokera ku Balaka ndi Machinga

Balaka ndi Liwonde ndi matauni amene anakula cifukwa ca njira. Njanji yocokera ku Blantyre kunka ku Salima, imene inatha kumangidwa m'caka ca 1935, inadzera pa Balaka. Ndipo m'caka ca 1970 anatsegula ina yopatuka pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, kulinga ku Nacala. Thonje linali kucoka, nsaru ndi mcere zinali kubwera, amalonda namanga masitolo ao. Koma sukulu zazikulu sizinatsate njanjiyo. Kwa zaka zambiri mwana wa kuno wofuna maphunziro apamwamba anayenera kumanga mtolo wake ndi kusiya kwao, ndipo khomo limene linayamba kumtsegukira pafupi linali la uphunzitsi, lomwelo mwalowapo inu.

Tiyambe tafunsa cifukwa cake. Kufikira caka ca 1926 Boma la Nyasaland linalibe nthambi yoyang'anira maphunziro. Sukulu zinali m'manja mwa mamishoni. A Church of Scotland anakhazikika ku Domasi mu 1884, ndipo ansembe a Montfort anatsegula Utale mu 1908. Tsono dziko la kuno, makamaka tsidya la kum'mawa kwa Shire, linali la mafumu a Ciyao monga Kawinga ndi Liwonde, ndipo anthu ao ambiri anali atalandira Cisilamu. Kawinga anagonjetsedwa ndi asilikali a Boma pa phiri la Chikala mu 1895, koma kugonja pa nkhondo sikutanthauza kupereka mwana wako kwa wokugonjetsa. Makolo anaopa kuti mwana akalowa sukulu ya mishoni adzabatizidwa, adzasintha dzina, nadzadya zimene cipembedzo cao ciletsa. Ndipo mantha amenewa sanali opanda pake, pakuti sukulu za masiku amenewo zinalidi khomo la mpingo.

Pano ndikucenjezeni, musamanene monga anena ena kuti Ayao anadana ndi maphunziro. Anali nao maphunziro ao. Ana anali kupita ku madrasa, kumene anaphunzira kuwerenga Korani ndi kulemba m'zilembo za Ciarabu, ndipo ofuna kuzama anayenda pansi mpaka ku Kilwa ndi ku Zanzibar, nabwerako ali mashehe. Ulendo umenewo unali wotalika koposa wa ku Blantyre. Cobvuta cinali cakuti maphunzirowo sanali kupatsa munthu kalata imene Boma linali kuifuna polemba kalaliki kapena mphunzitsi.

Koleji yoyamba ya Boma imene inafika pafupi ndi ife ndiyo Jeanes Training Centre ya ku Domasi, yotsegulidwa mu 1929. Mbiri yake inacokera kutali. Mai wina wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, anapereka cuma cake kuti cithandize sukulu za kumidzi za anthu akuda a ku America, ndipo kumeneko kunabadwa nzeru yokhala ndi mphunzitsi woyendera, wozungulira m'sukulu zing'onozing'ono kulangiza anzake. Bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera dziko lino mu 1924, linayamikira njira yomweyo, ndipo a Carnegie Corporation anathandiza ndi ndalama. Mkulu wake woyamba anali Mbusa E. D. Bowman wa Church of Scotland.

Ku Jeanes mphunzitsi sanali kupita yekha. Anali kutenga mkazi wake ndi ana, napatsidwa nyumba ndi munda, kotero kuti koleji inaoneka ngati mudzi wacitsanzo. Mwamuna anaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi, umisiri ndi ukhondo. Mkazi anaphunzira kulera ana, kusoka ndi kusamala pakhomo. Pambuyo pake mafumu naonso anayamba kuitanidwa kukacita maphunziro a miyezi yowerengeka. Ine ndiona kuti m'menemo munali nzeru yeniyeni, pakuti mphunzitsi amene banja lake likhala mosiyana ndi zimene aphunzitsa samveka pamudzi. Koma munalinso msampha. Azungu ambiri a nthawi imeneyo anakhulupirira kuti Mwafirika amuyenera maphunziro a khasu ndi nsompho basi, ndipo Jeanes inagwirizana bwino ndi maganizo otere. Inakonza anthu abwino a kumudzi; siinali makwerero okwerera pamwamba.

Makwererowo anali osowa m'dziko lonse. Sukulu ya sekondale yoyamba, ya ku Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndi ya Boma ku Dedza mu 1951. Wopambana pamenepo anayang'ana ku Makerere, ku Fort Hare, kapena ku koleji ya ku Salisbury imene inayamba kuphunzitsa mu 1957. Kwa mwana wa ku Ntaja amene makolo ake anamkaniza ngakhale sukulu ya pamudzi, maina amenewa anali ngati a m'nthano.

Ufulu utabwera, Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa pa Chichiri mu September 1965 ndi ophunzira 90 okha. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, ndipo kuyambira pamenepo sukulu ya ukacenjede inakhala ulendo wa tsiku limodzi pa basi kucokera ku Balaka, kudzera pa Liwonde. Mau akuti ukacenjede ngoyenera kuwasunga: anthu athu sanabwereke dzina lokha la cilendo, koma anaona kuti kumeneko nkosulira akatswiri, nachula malowo ndi liu lao. Komabe kuyandikira kwa nyumba si kuyandikira kwa malo m'kalasi. Wolowa ku Chirunga anayenera kudzera ku sekondale, ndipo boma lino, limene kale linali kuchedwa Kasupe, linali m'mbuyo pa ciwerengero ca ana ofika pamenepo, makamaka asungwana, amene ambiri anali kukwatiwa asanatsirize pulaimale.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1994, pamene Bakili Muluzi, mbadwa ya ku Machinga konkuno, anakhala Pulezidenti nathetsa fizi ya ku pulaimale. M'caka cimodzi ana a sukulu anacoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni. Boma linalemba mofulumira zikwi za aphunzitsi osaphunzira nchitoyo, nayamba kuwasula ali pa nchito pomwepo m'ndondomeko ya MIITEP. Akulu ena amene mudzawapeza m'sukulu mukapita kukayesera kuphunzitsa anadzera njira imeneyo, ndipo muwapatse ulemu, cifukwa anaima pamaso pa ana oposa zana pansi pa mtengo, wopanda wowaonetsa kagwiridwe ka coko. Njala ya aphunzitsi imeneyi ndiyo inakakamiza Boma kuonjeza makoleji, ndipo m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika inatsegulidwa Machinga Teachers Training College pafupi ndi Liwonde. Caka cimodzi Muluzi asanalowe, mu 1993, Domasi inali itasanduka koleji yosula aphunzitsi a ku sekondale. Onani tsono kuti zaka zoposa 60 zitapita cikhazikitsire Jeanes, malo omwewo anali akali pa nchito ya uphunzitsi.

Balaka anapatulidwa kukhala boma payekha mu 1998, ndipo za maphunziro apamwamba zimene ali nazo zinadza makamaka ndi mpingo wa Katolika. Pali Inter-Congregational Institute, kumene anyamata a zipani zosiyanasiyana za mpingowo aphunzira filosofi pokonzekera unsembe. Ndipo pali sukulu ya luso la manja ya Andiamo, imene inaphuka m'nchito ya Bambo Mario Pacifici pakati pa acinyamata. Wofuna unamwino ali ndi St Luke's ku Malosa, ya mpingo wa Anglican, pa njira ya ku Zomba. Ku Mangochi kuli DMI St John the Baptist University; ku Nguludi kuli Yunivesite ya Akatolika, yoyamba mu 2006; ndipo Chancellor College, makoleji anzake atapatuka mu 2021, inatsala ndi dzina lonse la Yunivesite ya Malawi. Zambiri mwa izi zifuna ndalama zimene mlimi wa thonje wa ku Utale sazipeza msanga.

Cotsala ndi cinenero. Kuyambira 1968, pamene Cicewa cinasankhidwa kukhala cinenero ca dziko, mwana wa ku Nselema kapena ku Nayuchi wakhala akulowa Sitandade 1 ndi Ciyao kapena Cilomwe m'kamwa, napeza buku la Cicewa pa dzanja ili ndi la Cingerezi pa dzanja linalo. Mayeso olowera ku sekondale, ndi ena onse a pambuyo pake, alembedwa m'Cingerezi, kupatula phunziro la Cicewa lokha. Mwana wotere aoloka zinenero zitatu asanaone n'komwe cipata ca koleji ya pa Liwonde, ngakhale kolejiyo iri m'boma lake lomwe.