Kamfuti Kamene Kanapha Lincoln: Cifukwa Ninji Sanakapale?

Anzanga acinyamata, mutapatsidwa mfuti yakale ya dzimbiri ndi mng'alu pa mtengo wake, mungatani? Ambiri a ife tingathamangire sandipepa ndi vanishi kuti iwale. Tayambani mwamva nkhani iyi.

Usiku wa Lacisanu Loyera, pa 14 Epulo 1865, John Wilkes Booth analowa m'kacipinda ka Pulezidenti Abraham Lincoln ku Ford's Theatre mu mzinda wa Washington, namuombera kunkhongo. Lincoln anamwalira m'mawa mwake. Mfutiyo inali yaing'ono, yokwana m'thumba, ya cipolopolo cimodzi cokha, yopangidwa ndi Henry Deringer wa ku Philadelphia. Booth anaigwetsa pomwepo. Boma linaisunga ngati umboni, ndipo pambuyo pake inaikidwa m'nyumba yomweyo kuti anthu aziiona.

Tsono kunabuka mphekesera yakuti ca m'ma 1960 mbala zinaba mfuti yeniyeni ndi kusiyapo yabodza. Sizinali zoseka, pakuti mfuti za Deringer zinakoperedwa kwambiri ndi amisiri ena. Mu 1997 akatswiri a FBI anaiyesa. Anaiyerekeza ndi zithunzi zakale zojambulidwa nthawi ya kubako isanafike, napeza mng'alu womwewo pa mtengo, mizere yomweyo ya thabwa, ndi tizipsera tomweto pa citsulo. Anagamula kuti ndi yomweyo.

Taganizani mmisiri wina wacangu akadabisiratu mng'aluwo ndi kupala citsulo mpaka kunyezimira. Akadafafaniza umboni wonse ndi manja ake! Ndiye cifukwa cake odziwa za zinthu zakale, poika mtengo, amafunsa ngati cinthuco cikali monga cinacokera kwa wocipanga, ndi ngati mbiri ya eni ake ingatsimikizidwe. Kunyezimira kumabwera kumapeto kwenikweni. Kawirikawiri mfuti yopalidwa imatsika mtengo, ndipo cimene capalidwa sicibwereranso.

Mwina kwanu kumudzi kuli gogodela ya agogo. Musaiyese kuliza, cifukwa wonga wakale ungakhale ukali m'kati, ndipo malamulo a mfuti amafuna laisensi: akulu a banja akafunse ku polisi. Isungidwe pouma, citsulo cipakidwe timafuta pang'ono kuti dzimbiri lisapitirire, basi. Nchito yanu ndi kutenga kope, kukhala pansi ndi agogo akali moyo, ndi kulemba amene anaibweretsa, kumene anaipeza, ndi nyama zimene inagwetsa.