Mbiri ya Ciyambi ca Northern League

Ku mpoto ca kum'mawa kwa dziko la England kuli dera lochedwa Durham, ndipo kufupi ndi deralo kuli mizinda ya Newcastle ndi Middlesbrough. Kale anthu a kumeneko analikukhalira nchito zitatu: kukumba malasha pansi pa nthaka, kusungunula citsulo, ndi kukhoma zombo za panyanja. Nchitozi zinali zolemetsa ndi zoopsya. Loweruka masana akaweruka, amuna ambiri analikupita ku bwalo la mpira wa miyendo, ena kukasewera, ena kukaonerera. Kumeneko ndiko kunabadwira mpikisano wochedwa Northern League m'caka ca 1889. Mbiri yace ndi ya funso limodzi limene linabvuta anthuwo zaka zambiri: kodi munthu wosauka angathe kusewera mpira popanda malipiro?

Cifukwa cace anaiyambitsa

Poyamba matimu analikungopangana okha tsiku losewera. Pangano lotere linali losalimba. Timu ikapeza mpira wina wa phindu, kapena osewera ace akacepa, inkaleka kubwera, ndipo anthu amene anasonkhana pa bwalo ankabwerera kwao osaona kanthu. Ndalama za pakhomo nazo zinkatayika.

M'caka ca 1888 matimu 12 akuluakulu anapeza mankhwala a bvutoli poyambitsa Football League. Ligi ndi pangano lakuti timu iri yonse idzasewera ndi inzace iri yonse kawiri pa caka, kamodzi kwao, kamodzi kwa eni, pa masiku olembedwa kale. Masiku amenewo timu yopambana inkalandira mapointi 2, ndipo akalepherana ankalandira pointi imodzi imodzi. Koma mwa matimu 12 aja munalibe ndi imodzi yomwe ya ku Durham kapena ku Newcastle.

Tsono Charles Craven, mlembi wa timu ya Darlington, anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Anaitana akuluakulu a matimu a m'deralo, ndipo anakomana mu mzinda wa Durham m'mwezi wa March 1889. Matimu 10 anabvomera kulowa, ndipo mpikisano unayamba m'mwezi wa September. Ena mwa iwo anali Darlington, Middlesbrough, Stockton, South Bank, Auckland Town, Newcastle East End ndi Newcastle West End. Njanji inathandiza kwambiri, pakuti osewera ankatha kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Caka coyambaco inapambana timu ya Darlington St Augustine's. Mapointi ace anafanana ndi a Newcastle West End, koma powerenga zigoli inapezeka kuti iri patsogolo.

Olipidwa ndi osalipidwa

Kuyambira m'caka ca 1885 lamulo la mpira ku England linalola kulipira osewera. Motero mu ligi yatsopanoyi munali matimu a mitundu iwiri, ena olipira osewera ao, ena osewera mwa cikondi cabe. Nkhaniyi inagawanitsa anthu a ku Middlesbrough, kotero kuti ofuna malipiro anapatuka nayambitsa timu yao yochedwa Ironopolis. Timuyi inapambana ligi zaka zitatu zotsatana, 1891, 1892 ndi 1893. Itaona mphamvu zace, inacoka nkukalowa mu Football League, koma ndalama za maulendo ndi malipiro zinaicurukira, ndipo inatha m'caka ca 1894.

Matimu ena akuluakulu nawo anacoka. Newcastle East End inasintha dzina m'caka ca 1892 nkukhala Newcastle United, ndipo inalowa mu Football League m'caka ca 1893. Middlesbrough inatsatira m'caka ca 1899. Pambuyo pace Newcastle United ndi Sunderland anatumiza matimu ao aciwiri ku Northern League. Osewera ace anali olipidwa, ndipo anapambana zaka zinai zotsatana, kuyambira 1903 kufikira 1906. Munthu wocokera m'mgodi ali wotopa sakanatha kulimbana ndi munthu amene nchito yace inali mpira wokha. Cifukwa ca ici, m'caka ca 1906 ligi inagamula kuti idzakhala ya osewera osalipidwa okhaokha.

Ulemu wa midzi ya migodi

Cigamuloci cinapatsa mwai midzi ing'onoing'ono monga Bishop Auckland, Crook, Tow Law ndi West Auckland. Ku England kunali cikho ca osewera osalipidwa cochedwa Amateur Cup, ndipo timu ya Bishop Auckland, ija inayamba ndi dzina la Auckland Town, inacitenga koyamba m'caka ca 1896. Zonse pamodzi inacitenga kakhumi, kuposa timu ina iri yonse.

Timu ya West Auckland, imene osewera ace ambiri anali okumba malasha, inapita ku Turin m'dziko la Italy m'caka ca 1909 nkukatenga cikho ca Sir Thomas Lipton. M'caka ca 1911 inapitanso nkugonjetsa timu yochuka ya Juventus ndi zigoli 6 kwa 1. Koma ulendowo unaisiya timu m'ngongole, ndipo cikho cija anacipereka cikole kwa mai wosunga nyumba ya alendo kumene timu inkasonkhana. Ulemu unalipo, koma m'thumba munali mbee.

Mlandu wa ndalama za tiyi

Apa ndipo panali bvuto leni leni. Lamulo loletsa malipiro linali lopepuka kwa mwana wa munthu wacuma, koma kwa wokumba malasha linali lolemera. Akajomba ku nchito cifukwa ca ulendo wa mpira, ankamdula ndalama. Akathyoka mwendo pa bwalo, ana ace ankagona ndi njala. Motero matimu ambiri anayamba kupatsa osewera kangacepe mobisa, nkumalemba m'mabuku kuti ndi ndalama za tiyi.

M'caka ca 1928 zobisikazo zinaululika. Akuluakulu oyang'anira mpira ku Durham anayamba kufufuza timu ya Crook Town, ndipo a Crook anaonetsa kuti anzao ambiri analikucita cimodzimodzi. Osewera 341 anaimitsidwa, pamodzi ndi atsogoleri a matimu ambiri. Cilango cinali cacikuru, koma umphawi umene unabala mwambowo sunacoke.

Ngakhale zinali tero, ligi sinagwe. M'caka ca 1954 anthu 100,000 anasonkhana pa bwalo la Wembley ku London kudzaona Crook Town ndi Bishop Auckland akulimbirana Amateur Cup. Potsiriza, m'caka ca 1974, bungwe loyang'anira mpira ku England linathetsa kusiyanitsa olipidwa ndi osalipidwa, ndipo onse anangochedwa osewera.

Migodi ikuruikuru ya malasha ya ku Durham inatsekedwa, koma Northern League ikalipo kufikira lero. Mwa maligi a mpira amene akalipo, woiposa zaka ndi Football League yokha.