Mafangasi Atatu a Nthenda ya Uchi wa Mapira

Mapira amene amagulitsidwa ku Matema mumzinda wa Tete, kutsidya kwa mlatho wa Samora Machel, amaoneka oyera, koma mlimi wa ku Changara kapena ku Angónia akhoza kukumana ndi ngala yodontha madzi otsekemera, onata ngati uchi, ntchentche zitaunjirira. Imeneyi ndi nthenda ya ergot. Fangasi imalowa m'duwa limene silinalandire mungu, n'kukhala pamalo pamene pakanamera njere.

Nthendayi inaoneka ku India mu 1915, ndipo mu 1917 katswiri wina, McRae, anatcha fangasi yake Sphacelia sorghi. Itapezekanso ku Kenya mu 1924, akatswiri anangoitchula dzina lomwelo, poti uchiwo unkaoneka chimodzimodzi. Ngakhale mu 1976, pamene Kulkarni ndi anzake anafotokoza za fangasi ya ku India ija n'kuitcha Claviceps sorghi, ambiri ankakhulupirirabe kuti ya kuno ku Africa ndi yomweyo.

Zinthu zinasintha mu 1991. Frederickson, Mantle ndi de Milliano, atafufuza mapira a ku Zimbabwe, anasonyeza kuti yathuyi ndi ina, n'kuitcha Claviceps africana. Kusiyanaku kuli m'kanjere kolimba kamene fangasi imasiya m'ngala. Ka ku India n'katali, kokhota, kotulukira kunja kwa mankhusu. Ka africana n'kafupi, kobulungira, kongosuzumira pang'ono. Mkati mwakenso muli poizoni wotchedwa dihydroergosine. Choopsa kwambiri n'chakuti kunja kukachita chinyezi, pamwamba pa uchi wa africana pamayera mbuu, ndipo timbewu ta fangasi tochuluka zedi timauluka ndi mphepo.

N'chifukwa chake inathamanga. Mu 1995 inabuka ku Brazil, mu 1996 ku Australia, mu 1997 ku Texas. Ku Queensland nkhumba zimene zinadya mapira ogwidwa zinasiya kutulutsa mkaka. Mu 1999 Tsukiboshi ndi anzake anawonjezera yachitatu, Claviceps sorghicola ya ku Japan, ya tinjere takuda.

Kudalira maso kunali ndi vuto lake: tinjere sitikhwima nthawi zonse, ndipo kutimeretsa kuti munthu aone maonekedwe ake enieni n'kovuta. Choncho cha m'ma 2000 ofufuza monga Pažoutová ndi Tooley anatembenukira ku DNA. Apa mpamene zinatsimikizika kuti africana inali itakhazikika ku India komweko, kwawo kwa sorghi, ndiponso kuti imene inalowa ku America ndi imene inalowa ku Australia sizinali za mzere umodzi.

Ine ndimaona kuti ntchito ya 1991 ija ndi imene imakhudza kwambiri alimi a ku Tete, chifukwa inatchula mdani amene tili naye ndi mayendedwe ake. Kutentha kwa usiku kukatsika pansi pa madigiri 12 milungu itatu kapena inayi mapira asanamasule, mungu umafooka, duwa n'kukhala poyera. Kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumateteza mapira ndithu. Ngozi ili kumtunda kozizira ngati ku Tsangano, m'mapira omasula mochedwa, komanso m'minda yochulukitsa mbewu ya haibulidi, momwe mapira aakazi amadikira mungu wa m'mizere ina. Mlangizi wa zaulimi wa kumeneko akaona uchi utayera m'mawa, ayenera kuchenjeza minda yoyandikana tsiku lomwelo, chifukwa mphepo imakhala itanyamula kale timbewuto.